Mawu Ndi Ako, Tepi Ndi Yathu: Mlandu wa George Michael ndi Sony

Pa 21 June 1994, Amalawi anali atangotha mwezi umodzi chilumbiritsireni a Bakili Muluzi kukhala mtsogoleri wa dziko. Makaseti amene kale anthu ankamvera chobisa, chitseko chili chotseka, tsopano ankalira poyera m'misika ndi m'maminibasi. Tsiku lomwelo, mumzinda wa London, bambo wina wa zaka 30 anatuluka m'khoti lalikulu mlandu utamugomera, n'kukauza atolankhani kuti mgwirizano wake ndi kampani ya Sony ndi ukapolo wa pantchito. Pa zikalata za khoti dzina lake linali Georgios Kyriacos Panayiotou. Dziko lonse linkamudziwa kuti George Michael.

Ambiri anaseka. Kapolo wanji wokhala ndi mamiliyoni kubanki? Komatu iye sankadandaula njala. Chimene ankakana n'choti kampani izimuuza nkhope yoti aonetse ku gulu, ndiponso kuti azimangika kwa zaka 15 kwa anthu amene iye sanawasankhe.

Mavuto ake ndi mapepala anayamba mu 1982. Ali ndi zaka 18, iye ndi mnzake wa kusukulu Andrew Ridgeley, omwe ankadzitcha Wham!, anasainirana mgwirizano ndi kakampani kotchedwa Innervision. Aliyense analandira mapaundi 500, ndalama yoti mnyamata wosagwira ntchito n'kuvina nayo usiku wonse. Chaka chotsatira chimbale chawo choyamba, Fantastic, chinakwera pa nambala wani ku Britain, koma m'matumba mwawo munalibe cholozeka. Anakokerana kukhoti ndi Innervision, ndipo mu 1984 nkhaniyo inatha mokambirana: Wham! inasamukira ku CBS Records, kampani yaikulu imene inkagulitsa kale nyimbo zawo. Mgwirizano wa 1984 umenewu ndi umene unadzamukola mwendo patapita zaka khumi.

Zitatero zinthu zinayenda mwa liwiro. Careless Whisper, nyimbo ija yoyamba ndi lipenga lolira mwachisoni, inazungulira dziko lonse. Mu 1985 Wham! inakayimba ku China, kumene magulu otchuka a nyimbo za pop a ku Ulaya ndi ku America anali asanapondeko. Mu 1986 awiriwa anasiyana mwamtendere, ndipo mu 1987 George Michael anatulutsa yekha chimbale cha Faith, chomwe chinagulidwa makope oposa 20 miliyoni ndi kupata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana. Mu January 1988 anasainira mgwirizano watsopano, wa ndalama zambiri ndithu, umene unkapatsa kampani mphamvu yofuna kwa iye zimbale zofika zisanu ndi zitatu. Mwezi womwewo kampani ya ku Japan ya Sony inamaliza kugula CBS Records pa mtengo wa madola 2 biliyoni. Anagona ali woyimba wa kampani ya nyimbo, n'kudzuka ali katundu wa kampani yopanga mawailesi ndi makina oonetsera mavidiyo. Palibe anamufunsa maganizo.

Chimene chinagulitsa Faith sichinali mawu okha. Chinalinso chithunzi: jekete lachikopa, jinzi yothina, magalasi akuda, ndevu zosameta bwino. Atazungulira mayiko chaka cha 1988 akuyimba atavala zomwezo, anatopa nazo, ndipo anafika podana ndi munthu amene ankamuona pa zikwangwani. Mu September 1990 anatulutsa Listen Without Prejudice Vol. 1, chimbale chofatsa, cha nyimbo zoganizitsa. Anakana kuika nkhope yake pa chikuto; m'malo mwake panali chithunzi chakale cha 1940 choonetsa chinamtindi cha anthu pa gombe la Coney Island. Anakananso kuonekera m'mavidiyo. Mu vidiyo ya Freedom! '90, imene anaijambula David Fincher, ankatsegula pakamwa m'malo mwake anali akazi asanu otchuka pa zoonetsa zovala, kuphatikizapo Naomi Campbell ndi Cindy Crawford. Jekete lachikopa lija analitentha m'vidiyo momwemo, gitala n'kuliphulitsa. Uthenga kwa mabwana ake unali wosasowa womasulira.

Ngakhale nkhalakale pa zoyimba, Frank Sinatra, zinamunyansa. Analemba kalata ku nyuzipepala ya Los Angeles Times yomudzudzula kuti asiye kulira ndi mwayi umene anzake amaulakalaka, chifukwa tsoka lenileni la woyimba ndi kuyimbira mipando yopanda anthu.

Ku Britain chimbalecho chinagulidwa kuposa Faith ndipo chinapata mphoto ya Brit mu 1991. Ku America chinagwa: makope pafupifupi 2 miliyoni, pomwe Faith inafika 10 miliyoni. Sony inati n'zosadabwitsa, munthu wokana kutsatsa malonda ake asayembekezere chozizwitsa. George Michael anati ayi, mabwana a ku New York anachita dala kuchifooketsa pofuna kumulanga. Mu 1992 atapereka nyimbo zitatu ku chimbale cha Red Hot + Dance chothandiza pa nkhondo yolimbana ndi Edzi, anaonanso ngati kampani sinachilabadire. Mu October chaka chomwecho anakamang'ala kukhoti.

Apa m'pamene pali phata la nkhani, ndipo ambiri okamba za mlanduwu amapadumpha. M'malamulo a ku England mulibe ndime yonena kuti woyimba ali ndi ufulu woyimba mmene mtima wake ukufunira. Maloya ake sakanauza woweruza kuti munthu wawo watopa ndi jekete. Anayenera kupeza khomo lina, ndipo analipeza mu mfundo yakale yakuti mgwirizano wotsekereza munthu kugwira ntchito yake mopitirira muyeso suyenera kutsatidwa. Anati zimbale zisanu ndi zitatu zikhoza kudya zaka 15, pafupifupi moyo wonse wa woyimba wa nyimbo za achinyamata. Anati mphamvu yopitiriza kapena kusiya inali m'manja mwa kampani yokha. Anati udindo wa kampani wotulutsa ndi kutsatsa nyimbo unali wochepa, pomwe woyimba sankaloledwa kujambula kwina kulikonse. Ndipo anati matepi oyambirira, amene makope onse amachokerako, ankakhala a kampani ngakhale kuti ndalama zojambulira zinkadulidwa ku gawo la woyimba.

Mfundo yomalizayi mlimi wa fodya wa ku Kabudula kapena ku Nsaru angaimvetse msanga kuposa loya. Wolima pa kontrakiti amalandira mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole. Saloledwa kugulitsa pambali. Amauzidwa mtundu wa fodya wofunika ndi kasamalidwe kake, ndipo mabelo akagulidwa ku Kanengo, kampani imayamba yadula zake, mlimi n'kuona zotsala pa pepala la malonda. Ndalama imene woyimba amapatsidwa posainira nayonso si mphatso. Ndi ngongole yoti idzadulidwe. Kusiyana kwake n'kumodzi, koma n'kwakukulu: mlimi akamaliza kubweza, munda ndi chigafa zimakhalabe zake. Woyimba akamaliza kubweza, munda umatsala kwa wobwereketsa.

Masamu ake ndi otere. Tingoyerekeza kuti kampani yawononga K10 miliyoni pa situdiyo, mavidiyo ndi ndalama ya m'manja, ndipo pepala likuti woyimba azilandira K15 pa K100 iliyonse yolowa. Ngongole ija sibwezedwa kuchokera ku ndalama zonse zolowa, koma ku K15 yokhayo. Nyimbo ziyenera kulowetsa pafupifupi K67 miliyoni woyimba asanaone tambala yatsopano, pomwe kampani yasunga kale K57 miliyoni kumbali yake. Makampani ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa: mwa oyimba ambiri amene amawasainitsa, ochepa okha ndiwo amabweza ndalama, choncho wotchuka mmodzi amalipirira anzake onse amene anagwa. Sony inanenanso zomwezo m'khoti.

George Michael sanapite kukhoti chimbulimbuli. Ena anali atapambanapo kale pa mfundo yomweyo. Mu 1974 bwalo lalikulu kwambiri la ku Britain linamasula wopeka nyimbo Tony Macaulay ku mgwirizano wake ndi kampani ya Schroeder. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Holly Johnson wa gulu la Frankie Goes to Hollywood anagonjetsa ZTT, ndipo mu 1991 gulu la The Stone Roses linagonjetsa Silvertone. Koma onsewa anasaina ali osadziwika, opanda mphamvu yokana. George Michael anasaina wa 1988 ali pamwamba pa dziko, atazunguliridwa ndi maloya odula.

Mlandu unayamba kumvedwa mu October 1993 ndipo unadya masiku oposa 70 a khoti. Woweruza Jonathan Parker anagamula mokomera Sony pa mbali zonse. Anati mgwirizano wa 1988 unamera pa uja wa 1984, umene unali wothetsa mlandu wina, ndipo makhoti salola kuti nkhani imene anthu anaithetsa mogwirizana izifukulidwanso. Anati ngakhale pakanapanda zimenezo, mfundo zake zinali zoyenera kwa munthu wolandira ndalama zochuluka chotero. Anatinso kumayambiriro kwa 1992 woyimbayo anapempha yekha ndalama yoyambira chimbale chotsatira, akudziwa kale kuti mgwirizanowo angautsutse. Potero anasonyeza kuti akuuvomereza. Nkhani ya nkhope pa chikuto, imene inayambitsa zonse, sinalemere kanthu pa sikelo ya khoti.

Panali china chimene panthawiyo anthu sankachidziwa. Mu March 1993, mlandu uli m'njira, bwenzi lake la pamtima, Anselmo Feleppa wa ku Brazil, linamwalira ndi matenda odza ndi Edzi. George Michael anadzavomereza patapita zaka kuti ukali umene anapita nawo kukhoti unali wosakanikirana ndi chisoni cha maliro amene sankatha kuwalira poyera.

Apilo sinamvedwe. Mu July 1995 Sony inavomera kumumasula, koma pogulidwa: makampani a Virgin ndi DreamWorks analipira ndalama zimene zinamveka kuti ndi madola 40 miliyoni, ndipo Sony inasunga nyimbo zake zakale. Chodabwitsa n'chakuti amene anatsogolera kuwombola kumeneku ku DreamWorks anali David Geffen. Kampani ya Geffen yemweyu ndi imene mu 1983 inasumira woyimba wake Neil Young, kufuna madola oposa 3 miliyoni, pa mlandu woti wajambula nyimbo zosafanana ndi za Neil Young. Mlandu umenewo anausiya, ndipo Geffen anapepesa.

Chimbale cha Older chinatuluka mu 1996, patatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi chitulukireni chinzake. Ku Ulaya chinayenda bwino kwambiri. Ku America anthu anali atapita kwina, ndipo sanabwererenso kwa iye monga kale. Mu 2003 anadabwitsa onse posainanso ndi Sony. Anamwalira pa 25 December 2016. Patatha miyezi khumi Sony inatulutsanso Listen Without Prejudice, chimbale chomwe anakanganirana chija, ndipo chinakwera pa nambala wani ku Britain.

M'zaka zomwezo Prince naye ankalimbana ndi Warner Bros. mwa njira yake. Mu 1993 anasiya dzina lake n'kutenga chizindikiro chosatchulika, ndipo ankaonekera pagulu atalemba pa tsaya mawu otanthauza kapolo. Iye ankafuna kutulutsa nyimbo zambiri kuposa mmene kampani inkafunira. Matepi ake anawalandira mu 2014, kutatsala zaka ziwiri kuti amwalire.

Woyimba wa ku Malawi wa mu 1994 akanamva zonsezi akanangogwira pakamwa. Kuno kunalibe kampani yoti n'kumumangirira zaka 15, chifukwa kunalibe yoti n'kumuikira ndalama. Nzeru Record Company, imene inayesa kudinda nyimbo za kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, sinakhalitse. Kwa zaka pafupifupi 30 situdiyo yodalirika inali ya MBC, wailesi imodzi yokha m'dziko, ndipo amene ankasankha choti chimveke sanali wamalonda koma boma. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo linkaunika mosaphethira. Linaletsa ngakhale Cecilia, nyimbo ya Simon ndi Garfunkel, chifukwa dzinalo linali la Mama Cecilia Kadzamira. Oyimba anaphunzira kubisa nkhani m'miyambi ndi m'nthano za nyama. Allan Namoko, katswiri wosaona wa banjo wa ku Thyolo, nyimbo zake zinalira pa wailesi dziko lonse, koma anamwalira mu 1995 ali wosauka.

Nyengo ya makaseti inabweretsa dongosolo lina. Woyimba ankasonkhanitsa yekha ndalama, kupita ku situdiyo monga ija ya a Paul Banda ku Balaka, kulipira, n'kutenga tepi yake kupita nayo kwa wogulitsa nyimbo, makamaka kwa O.G. Issa ku Limbe. Wogulitsayo ankachulukitsa makope, kumata kachizindikiro ka bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989, n'kutumiza makatoni m'misika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Oyimba ankadandaula kuti gawo lawo pa kaseti iliyonse n'lochepa, koma palibe ankawauza zoti ayimbe kapena zoti avale. Unali ufulu wa munthu wosauka: palibe wokulamula popeza palibe waika kwacha yake pa iwe.

Ufulu umenewu unabala zinthu zimene kampani yaikulu ikanaziopa. Malemu Lucius Banda, amene anatulutsa Son of a Poor Man kumayambiriro kwa ulamuliro wa zipani zambiri, ankajambula pansi pa kampani yake ya Zembani, choncho panalibe bwana woti n'kumuuza kuti nyimbo iyi yalasa kwambiri, uichotse. M'nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika wailesi ya boma inasiya kuyimba nyimbo zake, koma zimbale zinapitiriza kutuluka ndi kugulidwa. Evison Matafale anayimba za chilungamo mosabisa m'zimbale zake za Kuyimba. Amene anatseka pakamwa pake sanali wamalonda, chifukwa anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001. Ndipo Lawrence Mbenjere, poyimba m'Chichewa cha kumudzi kwenikweni ndi kamvekedwe ka ng'oma za m'chigawo chapakati, anafika polandira ndalama zopitirira K2 miliyoni kuchokera ku COSOMA mu 2009. Munthu wa ofesi wofuna nyimbo zomveka ngati za ku America sakanamusainitsa.

Lero kaseti inapita, CD nayo inatsatira. Pa Chitedze, makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe pa msewu wa ku Mchinji, nyimbo zimagawidwa m'tizipinda ta mita ziwiri. Panja pali sipika yaikulu yong'ambika pakamwa, m'kati muli kompyuta yodzaza fumbi la m'chilimwe, pambali pake mulu wa mafoni otchaja, nthawi zina ndi mpando wometera. Munthu wobwera kuchokera kumudzi amatsamiritsa njinga, kuchotsa kamemore m'foni, n'kunena kuti, "Achimwene, mundibenere zatsopano, muikemonso zauzimu za amayi." Mnyamata wa pa kompyuta amakoka mafayilo mazanamazana m'mphindi zochepa. Pa ndalama imene walandira, woyimba sapezapo kanthu mwachindunji. Chimene chimamufika ndi gawo la msonkho wa pa mafoni, mamemore ndi zida zina zosungira nyimbo, umene lamulo la 2016 linatsegulira njira ndipo COSOMA imagawa kwa mamembala ake. Zimenezi zili chimodzimodzi pa Msundwe, pa Namitete ndi pa Mpingu.

Kuseri kwa tizipinda totere n'kumene kumabadwira oyimba atsopano. Situdiyo ndi chipinda chogona chomata matileyi a mazira m'makoma, laputopu, maikolofoni imodzi ndi matiresi otseka pa zenera kuti kulira kwa tambala kusalowe m'nyimbo. Mnyamata amagulitsa matumba awiri a soya kapena mtedza, kulipira pulodyusa, n'kutuluka ndi nyimbo imodzi. Ikagunda pa TikTok, pamatulukira munthu wa galimoto wochokera m'tauni. Amalonjeza vidiyo yabwino, zovala, nyumba ya lendi ku Area 25, ndi kutsegula akaunti pa YouTube ndi pa Spotify. Amabwera ndi pepala la Chingerezi la masamba angapo, kapena sabwera ndi pepala lililonse, zomwe n'zoopsa koposa.

Makampani otere si achilendo. Nde'feyo Entertainment inakweza Maskal ndi Piksy, Tay Grin anakhazikitsa Black Rhyno, ndipo atsopano akubadwa chaka ndi chaka. Ambiri amaika ndalama zawo zenizeni pa mwana wa eni amene sakudziwa ngati adzabweza, ndipo n'zosadabwitsa kuti amafuna kukhala ndi mawu. Kusamvana kumayamba pamene woika ndalama wanena kuti amapiano ndiwo akuyenda, pomwe woyimba mtima wake uli pa ng'oma ya chimtali kapena mganda imene anakula akuimva. Kapena pamene woyimba watembenuka mtima n'kufuna kuyimba zauzimu zokhazokha. Kapena pamene chipani cha ndale chafuna kumulemba ganyu pa msonkhano ndipo mmodzi mwa awiriwa sakufuna. Ndi mkangano womwe uja wa jekete lachikopa, kungoti ndalama zake n'zochepa.

Mayiko oyandikana nafe anafika kale kumene tikupitaku. Zahara wa ku South Africa anatulutsa Loliwe mu 2011 pansi pa TS Records, kampani ya DJ Sbu ndi TK Nciza, ndipo chaka chotsatira anasesa mphoto zisanu ndi zitatu za SAMA. Mu 2019, atasamukira kale ku Warner, ananena poyera kuti kampani yakale ija ili naye ngongole ya mamiliyoni. Eni kampaniyo anakana kwamtuwagalu, nati analipidwa zonse. Anamwalira pa 11 December 2023 ali ndi zaka 36, mbali ziwirizi zisanagwirizane pagulu za chiwerengero. Ku Tanzania, Harmonize atachoka ku WCB Wasafi ya Diamond Platnumz mu 2019, anati anauzidwa kulipira mashilingi 500 miliyoni kuti amasulidwe. Ku Nigeria, woyimba wa Woju atachoka ku G-Worldwide mu 2017, kampaniyo inamutengera kukhoti n'kunena kuti ngakhale dzina loti Kiss Daniel ndi lake la kampani. Mu 2018 anasintha zilembo ziwiri n'kukhala Kizz Daniel, ndipo ndi dzina limenelo anadzatulutsa Buga, imene inavinidwa m'maukwati a kuno mu 2022.

Nkhani ya dzina ija ndi yofunika kuilingalira. Mnyamata wa ku Nambuma amene anzake anamupatsa dzina la pa siteji ali ku sekondale akhoza kudzapeza kuti analipereka pa ndime imene sanaiwerenge. Ndipo masiku ano tepi yoyambirira si chinthu chogwirika chotsekeredwa m'kabati. Ndi mafayilo a pa laputopu ya pulodyusa, ndi mawu achinsinsi olowera ku akaunti imene ndalama za pa intaneti zimagwerako. Amene anatsegula akauntiyo ndi imelo yake ndiye wagwira mpeni kuchigwiriro, kaya pepala likuti chiyani.

Lamulo la Malawi la 2016 loteteza ntchito za luso limasiyanitsa zinthu zimene oyimba ambiri amaziphatikiza. Nyimbo yeniyeni, kutanthauza mawu ndi kayimbidwe, ndi ya woipeka. Chojambulidwa, chimene chimalira m'sipika, chili ndi umwini wakewake, ndipo kawirikawiri chimatsata amene anakonza ndi kulipirira ntchito yojambula. Ufulu wopeza ndalama pa nyimbo ukhoza kugulitsidwa kapena kubwereketsedwa, ndipo zimenezi zimafuna kulemberana. Koma ufulu wotchulidwa dzina monga mwini luso, ndi wokana kuti ntchito yako ipotozedwe mokunyozetsa, umatsala ndi wopeka. Kupitirira apo, lamulo silinena kuti kampani iyenera kutulutsa nyimbo imene siikonda, kapena kuti woyimba angachoke akatopa. Zimenezo zimakhala mmene awiriwo analemberana. Popeza makhoti athu anatengera malamulo a migwirizano kuchokera ku England, loya woimira woyimba ku nthambi ya zamalonda ya High Court ku Lilongwe akhoza kutchula mlandu wa Macaulay, ndipo woimira kampani angamuyankhe ndi wa Panayiotou. Kungoti ndi oyimba ochepa kuno amene angalipire loya kwa masiku 70. Mikangano yambiri imathera pa Facebook, kapena pa kapu ya tiyi pamaso pa akuluakulu a Musicians Union of Malawi, kapena woyimba amangokhala chete mpaka zaka za pa pepala zithe, anthu atamuiwala.

Amene anagwiritsa ntchito mochenjera kusiyana kwa nyimbo ndi chojambulidwa ndi Taylor Swift. Mu 2019 kampani ya Big Machine, yomwe inali ndi matepi a zimbale zake zisanu ndi chimodzi zoyambirira, inagulitsidwa kwa Scooter Braun pa mtengo wa madola pafupifupi 300 miliyoni, iye asakufuna. Sanapite kukhoti. Popeza nyimbozo anapeka ndi iye, ndipo nthawi yomuletsa kuzijambulanso inali itatha, anabwerera mu situdiyo n'kuyamba kuziyimba kachiwiri, n'kumazitulutsa chimbale ndi chimbale kuyambira mu 2021, n'kupempha omutsatira kuti azimvera zatsopanozo. Anamumvera, ndipo matepi akale aja anayamba kuchepa mphamvu pa msika. Mu May 2025 analengeza kuti wawagula onse, pa mtengo umene unamveka kuti ndi madola pafupifupi 360 miliyoni.

Makampani sanagone. Kale ndime yoletsa kujambulanso nyimbo inkatha pakapita zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri chitulukireni nyimboyo. Pofika 2023, maloya a oyimba ku America ankauza magazini ya Billboard kuti m'migwirizano yatsopano akupezamo zaka 10, zaka 15, mwinanso 30.